Miyezi Inayi ya Agogo Aloizi

Uthenga wa maliro a agogo Aloizi unandipeza ndikusita malaya a abwana. Madamu anaima pakhomo la kachipinda kochapira, foni ili m'manja, n'kunena m'Chingerezi chawo chothamanga chija kuti agogo atisiya ku Germany, abwana anyamuka mawa, ndiwakonzere suti yakuda. Ndinati pepani. Anati zikomo, n'kubwerera pabalaza. Ine ndinapitiriza kusita, poti simbi inali itatentha kale ndipo panalibe munthu woti ndikamulirire. Kwathu ku Ntcheu uthenga wotere umakukhazika pansi, anzako n'kubwera kudzakhala nawe. Kuno ku Doha ndinamaliza malayawo, n'kukatulutsa suti ija m'kabati.

Umenewo unali mwezi wa Meyi. Tsopano ndi kumapeto kwa Okutobala, nthawi yomwe ankafika chaka chilichonse, ndipo sabata ino ndakhala ndikutchera khutu kugeti ngati kuti galimoto yochokera ku bwalo la ndege ilowa. N'chifukwa chake ndati ndikambe za iwo, kapena mtimawu ungatsikeko.

Anali bambo awo a abwana anga a Mareki, injiniya wa ku Poland amene ndimawagwirira ntchito ya m'nyumba kuno ku Al Messila, dera lina la mzinda wa Doha. Munthu wamtali, wowonda, wa makutu aakulu, wosavula tayi ngakhale pokhala panja. Moyo wawo wonse anali mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ya katauni kena pafupi ndi mzinda wa Opole, m'chigawo chimene Angerezi amati Silesia. Iwo ankachitchula m'chinenero chawo, dzina loti lilime langa linalikana mpaka lero. Tinkamvana m'Chingerezi chotsimphina, chawo mwendo uwu, changa mwendo uwo, ndipo pomwe mawu athera manja ankamalizitsa. Ankanditchula kuti Pani Esinati. Pani ndiye kuti mayi, ndipo m'nyumba monse muno ndi iwo okha amene ankaika ulemu umenewo patsogolo pa dzina langa.

Musaganize kuti anali mngelo, ayi ndithu. Nkhalamba ija inali yovuta. Eyakoni yoziziritsa m'nyumba ankadana nayo ngati inawabera mbuzi. Ndikayatsa, azimitsa. Ndikayatsanso, abisa rimoti m'nsapato, ine n'kumatuluka thukuta ndikuifunafuna pansi pa mipando, iwo ali phee ndi nyuzipepala. Supu ya madamu anainyozapo mpaka madamu anakalirira m'bafa. Adzukulu akalakwitsa dzina la mtsinje wa kwawo ankawabwerezetsa ngati ali m'kalasi, moti anawo anayamba kudyera kuchipinda. Ine anandikalipirapo chifukwa chowadulira buledi. Buledi ankadula okha ndi kampeni kawo ka chogwirira cha mtengo, atamutsamiritsa pachifuwa, ndipo nyenyeswa ankazitola ndi chala chonyowa.

Pa buledi yemweyo ndi pamene ndinaphunzirira mbiri ya kwawo, ndisanaifunse n'komwe. M'mawa wina, chaka choyamba, anandiitanira patebulo la kukhitchini, anaika buledi wathunthu pambale, nati uyu ndi Poland. Zaka zoposa mazana asanu ndi atatu zapitazo, ankatero, kunali mfumu yokhala ndi ana aamuna angapo. Inkaopa kuti ikadzafa anawo adzaphana, poti nayonso inachitapo m'bale wake chipongwe choopsa polimbirana mpando. Ndiye isanafe inagawa dziko, mwana aliyense chigawo chakechake choti adzasiyire ana ake. Wamkulu anapatsidwa Silesia, pamodzi ndi udindo woyang'anira ang'ono ake. Apa mpeni unalowa m'buledi. Sipanapite zaka zambiri ang'ono aja anamuthamangitsa mkulu wawo, nakafera kwa eni, kwa Ajeremani, osaonanso kwawo.

Chidutswa cha Silesia anachikankhira pakati pa mbale. Ana a wothamangitsidwa uja anabwerako patapita nthawi, bambo awo aang'ono n'kuwabwezera chigawocho monyinyirika. Nawonso sanachedwe, anagawana. Ana awo anagawananso, wina mzinda uwu, wina mzinda uwo, aliyense akutchedwa kalonga, aliyense ali ndi linga lake, asilikali ake ndi chidindo chake. Agogo ankatchula mizindayo umodziumodzi, Vurotswafu, Leginitsa, Gwogufu, Opole, mpeni ukungotsika. Panali kalonga wina amene anagwidwa ndi mwana wa bambo ake aang'ono n'kutsekeredwa m'khola lachitsulo, lalifupi loti munthu sangaimirire komanso sangagone motambasuka, mpaka anavomera kupereka mbali ya dziko lake. Pomaliza timaufumuto tinachepa moti panalibe kamene kakanatha kudziteteza kokha. Akalongawo anapita mmodzimmodzi kukagwada kwa mfumu ya Acheki, oyandikana nawo, ndipo chigawo chonsecho chinachoka m'manja mwa Poland kwa zaka mazanamazana.

Pambale panali patatsala tizidutswa tokhatokha. Ndinafunsa kuti nanga buledi mwaonongayu adya ndani. Anati tidya ife awiri, ndipo tinadyadi, ndi tiyi. Phunziro limenelo ndinalimva kambirimbiri pa zaka zitatu zimene anabwera kuno. Zitandikwana ndinayamba kugula buledi wodula kale wa m'pepala, iwo n'kumamutcha thonje, koma nkhani ya akalonga sinathe. Anangosamukira pa tchizi.

Chimene sanandiuze chaka choyambacho n'chakuti nawonso anali atadula. Ndinachitola pang'onopang'ono m'mawu a madamu. Akazi awo, mayi Teresa, atamwalira, agogo anaitana ana awo atatu n'kuwagawira zonse iwo ali moyo. Nyumba ya kumudzi ndi yosanja. Zipinda za pansi anapatsa mzime wawo, Tomeki, amene sanachokepo pamudzipo. Za pamwamba anapatsa mwana wamkazi, Halina, amene anakwatiwa ku Germany. Munda wa maapozi wa kuseri kwa nyumba anapatsa a Mareki, n'kuwauza kuti monga wamkulu aziyang'anira anzawo. Zonse anasainira kwa loya, osadzisiyira ngakhale kachipinda kamodzi. Pasanapite nthawi a Mareki anagulitsa munda uja kwa munthu wokonza magalimoto, mitengo yonse n'kugwetsedwa. Halina anaika anthu a lendi pamwamba paja, oti azipondaponda pamutu pa Tomeki. Tomeki anasintha loko wa chitseko chachikulu. Atatuwo anasiya kulankhulana, ndipo uthenga ukakhala wosapeweka unkadutsira kwa akazi a Tomeki ndi madamu anga.

Kenako agogo anagwa pamasitepe n'kuthyoka m'chiuno, ndipo zinaonekeratu kuti sangakhalenso opanda wowayang'anira. Anawo, poti kugawana anali atakuzolowera, anagawana chaka. Malichi mpaka Juni kwa Halina. Julayi mpaka Okutobala kumudzi kwa Tomeki. Novembala mpaka Febuluwale kuno, chifukwa ndiyo nthawi imene Doha amazizirako pomwe kwawoko kukugwa chipale. Kungoyang'ana, nzeru zake zinali zabwino, aliyense miyezi inayi, palibe wodyera mnzake masuku pamutu. Agogo ankayenda ndi sutikesi imodzi yofiirira, ndipo akafika sankatulutsamo zonse. Ndikati ndiwaikire zovala m'kabati ankakana, ati azivutikiranji kulongedza kawiri.

Chaka chachiwiri anandiuza okha, titakhala pansi pa mtengo wa nimu m'bwalomu. Anati anaima pamaso pa ana a sukulu mpaka tsitsi kuyera akuwauza kuti mfumu ija inalakwitsa, kenako anapita kunyumba n'kukachita zomwezo ndi cholembera cha loya. Ndinafunsa kuti, "Nanga munachitiranji, Agogo, mukudziwa kale mathero ake?" Anati ankaopa kuti akadzafa anawo adzakangana. Ananena zokhazo, n'kuyamba kupukuta magalasi awo ndi tayi.

Tsiku limenelo tinakangana kwenikweni. Ine ndinati vuto lanu azungu mulibe mwini mbumba. Kwathu ana a mimba imodzi akasiya kulankhulana, amalume awo, mlongo wa mayi awo, amawaitana, kuwakhazika pamphasa, ndipo palibe wodzuka nkhani isanathe. Ndinati itanani mlongo wa mayi Teresa, awakhazike pansi anyamatawa ndi mlongo wawoyo. Agogo anaseka mondipsetsa mtima. Anati mlongo wa mayi Teresa alipo, koma kwawoko amalume ntchito yawo ndi kudya keke paukwati. Ndinati nanga ansembe. Anati Tomeki yekha ndiye amapita kutchalitchi, ndipo amakhala kumbuyo. Ndinati nanga ndani amawalankhula ana anu akapanda kumva. Anati loya, ndipo aliyense ali ndi wake. Ndinawauza kuti ameneyo si moyo, ndi msika. Anandiyankha kuti nanga kwanuko minda sikuchepa pogawana ana aakazi, ndipo anali atandigwira pakamwa, chifukwa munda wa mayi anga ife anayi tinaugawana mizere yowerengeka. Ndinanyamula makapu n'kulowa m'nyumba, ndipo madzulo ake anandibweretsera rimoti ija okha.

Koma nyumba ndi munda si zimene zinkawadya mtima. Zimenezo ankazikamba ngati nkhani ya akalonga aja, yakale, yosabwezeka. Chimene ankafuna chinali chimodzi, ndipo chinali chaching'ono moti mpaka lero ndikachiganiza ndimapsa mtima. Kwawoko, pa 1 Novembala, tsiku la Oyera Onse, fuko lonse limapita kumanda. Amakatsuka ziliza, kuikapo maluwa, ndipo kukamada amayatsa makandulo a m'timabotolo tagalasi pamanda a abale awo. Agogo ankafuna kuima pamanda a mayi Teresa tsiku limenelo. Koma a Mareki ankakawatenga sabata yomaliza ya Okutobala, pamene ana atsekera sukulu ndipo iwo apatsidwa tchuthi, chifukwa agogo sakanakwera ndege okha. Chaka chilichonse ankanyamuka kumudzi anthu akugula kale makandulo, n'kudzatera kuno kutangotsala masiku ochepa.

Atandifotokozera mwambowo koyamba ndinachita nthumanzi. Ndinati kwathu munthu wopezeka kumanda dzuwa litalowa, kandulo ili m'manja, amamuyesa mfiti, ndipo m'mawa mwake nkhani imakhala ili ponseponse. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndiye kuti Poland yense ndi mfiti, ndipo iwo ndi mfiti yokhayo imene inachotsedwa ntchito. Kusekako kutatha anandiuza kuti chiyambire ukwati wawo ankapita kumandako awiri, mayi Teresa atanyamula ndowa ndi burashi, iwo atanyamula makandulo, kukayatsira makolo a mbali zonse ziwiri. Tsopano mayi Teresa ali komweko, ndipo iwo sanawayatsireponso chithyokereni chiuno.

Anapempha. Ndinawamva ndi makutu anga akupempha a Mareki patebulo, mawu otsika, ngati mwana wopempha nsapato. Ankati sabata imodzi yokha, adzanyamuke tsikulo litadutsa. A Mareki ankati tchuthi chawo sachisankha okha, ndipo Tomeki sangalole. Tomeki ankati Novembala si mwezi wake, anawasungapo masiku owonjezera chaka china ndipo palibe anamuthokoza. Tomekiyo ankatinso a Mareki akafuna abwere adzakhale nawo okha. Koma a Mareki akanagona kuti, pansi pali Tomeki amene sapatsana naye moni, pamwamba pali anthu a lendi a Halina? Aliyense anali ndi chifukwa chomveka, ndipo n'chimene chinkandithetsa nzeru.

Ine ndinayesapo kamodzi. Ndinapeza abwana ali okha m'galaja, ndinagwira manja kumbuyo, n'kunena kuti pepani bwana, agogo akula, sabata imodzi si yambiri. Sanakalipe. Anandiyang'ana motopa n'kunena kuti, "Esinati, zikomo, koma izi ndi za banja." Nditakamba ndi a Kamwendo, mlonda wa pageti lathu, bambo wa ku Mchinji amene wakhala kuno zaka zambiri, anangopukusa mutu. "Achemwali, ma issue a family ya eni musawalowe," anatero. "Kontirakiti yanu ikutha liti? Mukufuna akuchiteni renew, kapena mukufuna tikiti ya one way? Khalasi, basi, zisiyeni." Sanalakwe. Ndili ndi ana awiri pasukulu ku Ntcheu, ndipo ndinazisiyadi.

M'sutikesi ija munkabwera kandulo imodzi chaka chilichonse, ya m'botolo lofiira lokhala ndi kachivindikiro kachitsulo. Chaka choyamba anaiyatsira pawindo la kuchipinda kwawo, madamu n'kudandaula kuti alamu ya utsi ilira. Chaka chachiwiri anaiyatsira panja. Chaka chachitatu, chomwe ndi chaka chatha, ndi chimene sichichoka m'maso mwanga.

Tsikulo anavala suti yakuda kuyambira m'mawa, nsapato atazipolisha okha. Abwana anali kuntchito, madamu anapita ndi ana kukasambira. Dzuwa litapendeka, mzikiti wa kuseri kwathu utaitanira pemphero la madzulo, anandiitana n'kunena kuti, "Pani Esinati, ndibwerekeni foni yanu, ija yoonana nkhope." Yawo inali ya mabatani. Anati nambala ya a Mareki Tomeki sangayankhe, koma yachilendo mwina ayankha. Nambala ya Tomeki anali nayo m'mutu. Ndinaimba, tinakhala pabenchi pansi pa nimu, ine nditagwira foni.

Tomeki anayankha. Anali bambo wonenepa wa chipewa chaubweya, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ataona bambo ake anadzidzimuka, kenako anatembenuza foni. Ine, munthu woopa manda, ndinayiwala mantha. Makandulo anali ponseponse, ofiira, oyera, achikasu, mpaka kumapeto kwa maso, ndipo pakati pake anthu akuyenda pang'onopang'ono atavala majekete, ena atanyamula ana. Agogo anasendera pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Tomeki anaima pa chiliza cha mwala wotuwa. Panali dzina la mayi Teresa, ndipo pambali pake panali palembedwa kale dzina la agogo, ndi chaka chobadwa, malo a chaka chinacho ali osalemba. Anandilozera ndi chala, monyadira, ngati munthu wokuonetsa nyumba imene wamanga.

Kenako ndinaona zimene iwonso anaona. Makandulo pa chilizacho anali magulu awiri, ena aunjikana kumanzere, ena kumanja, pakati pali mwala wokhawokha. Foni itagwedezeka inaonetsa mayi wa jekete lotuwa ataima chapatali pang'ono, akuyang'ana kumbali. Agogo anati, "Halina." Sankadziwa kuti mwana wawoyo amayendetsa galimoto kuchokera ku Germany chaka chilichonse kudzayatsira mayi ake. Halina anakweza dzanja, koma sanasendere, poti foni inali m'manja mwa Tomeki.

Agogo anayamba kulankhula m'chinenero chawo, nthawi yaitali, mofatsa, ine ndikungotola maina. Tomeki anayankha mwachidule. Halina anaponya mawu ali komweko. Tomeki anakweza mawu, Halina anakwezanso, ndipo chithunzi chinayamba kuonetsa thambo, nsapato, miyala ya m'njira, thambo kachiwiri. Agogo ankangobwereza mawu amodzimodzi, ndipo pambuyo pake anandiuza kuti ankati ndionetseni mayi anu. Foni inaduka. Ndinaimbanso, sinayankhidwe. Ndinaimba kachitatu, iwo n'kuika dzanja lawo pa langa kuti basi.

Ndinafunsa kuti mwawauza chiyani. Anati anapempha kuti chaka chamawa, popeza Halina amabwera kale ndi galimoto, awasiye kwa Tomeki sabata imodzi, Halina adzawatengere kumanda, kenako apite nawo kwake kuti a Mareki akawatengere kumeneko. Tomeki anati Novembala si wake. Halina anati pakhomo pa Tomeki sangagogode, ndipo akatenga sabata mu Novembala ndiye kuti a Mareki abweze sabata mu Malichi. Anandifotokozera zimenezi mwadongosolo, monga ankafotokozera za akalonga. Ndinaganiza zoti ndinene kuti Mulungu akuona, koma anali atandikalipirapo kale chifukwa cha mawu amenewo, ati Mulungu akuona koma sagula tikiti.

Ndinati ndibweretse machesi, anati inde. Anaika kandulo ija pakapinga, anagwada movutikira atagwira phewa langa, n'kuiyatsa. Anaimirira, anavula chipewa. Nthawi yomweyo mipope yothirira kapinga, imene imadzitsegukira yokha madzulo, inayamba kuwaza madzi. Ndinathamanga kukafuna potsekera. Ndinayang'ana kuseri kwa galaja, pafupi ndi thanki, pansi pa masitepe, osapapeza, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya wosamalira maluwa ndipo anali ataweruka. Nditabwerera ndinawapeza ali pomwepo, buluku litanyowa mpaka m'maondo, atawerama, atatchinga kandulo ija ndi chipewa. Ndinawagwira mkono n'kulowa nawo m'nyumba. Pamene abwana ankafika ndinali nditayanika suti kuseri, ndipo palibe anawauza kanthu.

Chitachitika chimenecho, nkhani ya akalonga inatha. Ndinagula dala buledi wathunthu n'kumuika pamaso pawo, n'kunena kuti Agogo, uja anatsekeredwa m'khola anali wa mzinda uti, ndayiwala. Anandikankhira kampeni kawo, nati dulani nokha, Pani Esinati. Miyezi yotsalayo ankakhala panja akuyang'ana khoma la mpanda, tayi ili m'khosi monga mwa nthawi zonse. Ankadya zimene wawapatsa osanyoza. Madamu anati agogo afatsa masiku ano, akumva bwino.

Ananyamuka kumapeto kwa Febuluwale. Pakhomo anatenga dzanja langa, lonunkha sopo wotsukira mbale, n'kulipsompsona, monga amachitira amuna achikulire a kwawoko potsanzika mayi. Chaka choyamba atachita zimenezo ndinalanda dzanja langa mwamanyazi, a Kamwendo akuseka pageti. Ulendo uno ndinalisiya. Anandiuza kuti a Mareki anena kuti za Novembala aziona. Ndinati ndiye bwino, Agogo, muyende bwino. Tonse awiri tinkadziwa kuti mawu amenewo a Mareki amawanena chaka chilichonse.

Abwana atabwerako kumaliro ndinadikira kuti apumule. Kenako, ndikuchotsa mbale patebulo, ndinafunsa, ngakhale a Kamwendo anali atandichenjeza. Ndinati, "Bwana, mwawagoneka pambali pa mayi?" Anati ayi. Agogo anamwalira m'miyezi ya Halina, ndiye Halina ndi amene anakonza zonse. Ulamuliro wa manda a kumudzi uli m'dzina la Tomeki, unapita limodzi ndi zipinda za pansi. Halina anati sangapemphe Tomeki. Tomeki anati sangapereke asanapemphedwe. A Mareki anafika zonse zitakonzedwa kale. Anawaika ku Germany komweko, m'tauni imene sankadziwamo munthu wina kupatula mwana wawo ndi dokotala. Abwana anati mwina mtsogolo adzawasamutsa, kungoti pafunika atatu onse avomere.

Ndinaima ndi mbale m'manja. Ndinkafuna kuwauza kuti kwathu maliro timawanyamula ngakhale pangolo, ngakhale mitsinje itadzaza, kuti munthu akagone kwawo. Ndinkafuna kuwafunsa kuti inu si wamkulu kodi. M'malo mwake ndinakaika mbale mu sinki, ndinatsegula mpope kwambiri, n'kulira. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe, chifukwa munthu uja sanapemphe nyumba yake kapena munda wake, ndipo ine amene ndinkamumva ndinali wantchito chabe.

Mawa ndi pa 1 Novembala. Abwana chaka chino analibe wokamutenga, ndiye tchuthi apita nacho ndi banja kunyanja ku Oman, ndatsala ndekha m'nyumba. Ndakhala ndikuganiza kuti Halina achita bwanji. Akapita kwa mayi ake monga amachitira, manda a agogo agona mumdima. Akatsala kwa bambo ake, mbali imodzi ya chiliza chija ikhala yopanda kandulo. Ndilibe womufunsa, ndipo si za ine.

Chipinda chawo ndi chapansi, choyandikana ndi khitchini. Bedi analichotsa mu Juni. Tsopano muli njinga ya madamu yolimbitsira thupi, makatoni a zidole zimene ana anazikula, ndi mtengo wa Khirisimasi wa pulasitiki uli m'thumba lake. Pamatailosi pakuonekabe madontho anayi a dzimbiri pomwe panali miyendo ya bedi, ndipo ndayesa mankhwala onse, sakuchoka. M'bafa mudakali chitsulo chimene anawakhomera kuti azigwira podzuka, madamu amayanikapo tawulo. M'kabati mulibe chawo ngakhale chimodzi, ngakhale batani. Ndakolopamo lero m'mawa, ndatsegula windo kuti muume, kenako ndinakhala pakatoni kanthawi. Munthu wolowamo sangadziwe kuti munkagona wina.